Ntchito ya kubanki sinaphe luso la Grahame

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu yonena kuti ntchito ya kubanki inkapondereza luso la Kenneth Grahame, wolemba mabuku wa ku Britain. Mkuluyu analowa ntchito ku Bank of England mu 1879, n'kukwezedwa kukhala mlembi wa bankiyo mu 1898. Buku lake la ana, The Wind in the Willows, linatuluka mu 1908, chaka chimene anasiya ntchito, ndipo linachokera ku nthano zomwe ankasimbira mwana wake Alastair pogona. Atapuma sanalembenso zambiri.

Inenso ndimatandala pakauntala kuwerenga ndalama za eni, nthano n'kumalemba usiku. Malipirowo ndiwo amandigulira mapepala, poti mabuku okha sadyetsa banja.

Tsegulani tsamba la nthano za ana Loweruka lililonse, muzilandira zolemba za ife apantchito.

Wowerenga wanu,
Zomba