Banki yanga isiye kundiimbira foni zotsatsa ngongole

Okondedwa Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mzuzu, ndipo banki yomwe ndimalandirirako malipiro yandisowetsa mtendere.

Lachiwiri lapitali ndili pa bolodi, choko chili m'manja, foni inalira m'thumba. Mayi anga akudwala kwathu ku Rumphi, ndiye nambala yachilendo iliyonse imandidumphitsa mtima. Ndinawasiya ana akukopera manotsi n'kuthamangira pakhonde. Kuyankha, ndi mtsikana wa mawu okoma: "Bambo, mwasankhidwa kuti mutenge ngongole ya pa malipiro, ndalama zilowa lero lomwe." Aka kanali kachitatu mwezi uno wokha. Mwezi watha ankandigulitsa inshuwalansi ya maliro. Abale inu, mayi anga akadali moyo!

Nambala yanga ndinaipereka potsegula akaunti kuti azinditumizira uthenga ndalama zikalowa kapena kutuluka. Palibe pamene ndinavomera kuti ndikhale msika wawo.

Ndinapita kunthambi yawo m'tauni muno, ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa, koma achimwene a pakauntala anangoti, "Amenewo amaimba kuchokera kulikulu, ife kuno sitingawaletse." Ndiye awaletse ndani?

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Mabanki omwewa amatichenjeza pawailesi kuti tisamaulule PIN kwa munthu woimba foni. Tonse tikuwadziwa akamberembere onamizira kuti ndi a Mpamba kapena Airtel Money, omwe alanda anthu ndalama za fizi ndi za feteleza. Koma otsatsa a banki nawonso amaimba pa manambala osadziwika, n'kuyamba kufunsa dzina lonse ndi tsiku lobadwa ati kuti atsimikize kuti ndinedi. Ine wophunzitsa ana ndimasokonezeka, nanga agogo a ku Zolozolo olandira penshoni asiyanitsa bwanji wakuba ndi wa banki?

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woliyang'anira. Reserve Bank, yomwe imayang'anira mabanki onse, ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Ndikupempha awiriwa alamule kuti fomu yotsegulira akaunti izikhala ndi malo ochongapo ngati munthu akufuna kuimbiridwa zamalonda kapena ayi. Ife akale atipatse njira yokanira pafoni pomwepo, pa menyu yomwe timaonera balansi ija. Ngati ngongole imatuluka tsiku lomwelo, kufufuta nambala pamndandanda sikungatenge mwezi.

Pakadali pano ndayamba kulemba m'kope tsiku, nthawi ndi nambala ya aliyense wondiimbira. Ndalembanso kalata yokana mafoni amenewa. Lachisanu ndikaweruka ndikaipereka kwa manijala, adinde chidindo pa ina yanga yosunga, ndipo akadzangoimbanso ndikaitula ku Reserve Bank.

Mphunzitsi wodandaula,
Chibavi, Mzuzu