Agogo athu ku America akulipira zomwe boma likanawalipirira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene tili kuno ku America, makamaka ife tomwe timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi olumala. Mu 2025 inshulansi ya Medicare Part B (ya boma, yolipirira okalamba ndi olumala akakaonana ndi dokotala) inali madola 185 pamwezi, ndipo ndalamayi amangoidula ku Social Security (penshoni ya boma) munthu asanaigwire nkomwe, ndiye kwa agogo amene kapenshoni kawo nkochepa kale mwezi sutha bwino ayi.

Koma thandizo liripo, amalitcha Medicare Savings Programs, boma la state yomwe mukukhala limakulipirirani ndalamayi kudzera ku Medicaid (thandizo la boma la zachipatala kwa osowa) ngati zomwe mumapeza zili zochepa. Gawo lina la thandizoli, lotchedwa QMB (Qualified Medicare Beneficiary), ndiye limalipiranso tindalama tija amakuuzani kuti muonjezere mukaonana ndi dokotala, komanso mukalowamo mtengo wamankhwala umatsika kudzera mu thandizo lina lotchedwa Extra Help.

Chondinyansa ine nchakuti mmadera ambiri sakulembani okha, mpaka mudzaze mafomu, ndipo malire a ndalama amasiyana state ndi state. Munthu wa zaka 80 maso akuvuta adzaza bwanji? Tiwathandize kuimbira a SHIP, omwe amalangiza anthu za Medicare mu state iliyonse, uphungu wawo ndi waulere.

Wowerenga wanu,
South Bend, Indiana