Makorali akayamba kusupuka, yezani madzi musanagule mankhwala

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu ochepa muno m'Chipata amene amasunga makorali amoyo, tizamoyo ta m'nyanja tomanga zigoba zonga miyala, m'mathanki agalasi a madzi amchere. Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala makorali ambiri amawonongeka, ndipo zimatipweteka kuona eni ake akuthamangira mankhwala pamene vuto lili m'madzi momwemo.

Kutuwa ndi kusupuka n'zosiyana. Korali yotuwa mnofu wake ukadalipo, yangotaya tindere tokhala m'thupi mwake, ndipo ikhoza kuchira. Yosupuka mnofu umachoka n'kusiya chigoba choyera mbee, pakapita masiku ochepa pamamera ndere. Mtundu wa makorali anthambi wotchedwa Acropora utha kusupuka wonse tsiku limodzi, choncho osadikira kuti kuche.

Yambani ndi kutentha. Madzi azikhala madigiri 24 mpaka 26. Akapitirira 29 zinthu zavuta. Ikani fani yoti iziwomba pamwamba pa madzi, kapena muyandamitse botolo lotseka bwino la madzi oundana, koma kutentha kutsike pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: fani imaumitsa madzi, mchere n'kutsala. Thanki ya malita 200 itha kutaya malita awiri patsiku, ndiye mchere, umene uyenera kukhala pa 1.025 kapena 1.026 pa choyezera mchere, umakwera mwakachetechete. Bwezeranimo tsiku ndi tsiku madzi opanda mchere osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), ochotsa michere m'madzi. A pamjigo amabwera ndi michere ina yosadziwika, a pampopi ali ndi klorini, ndipo chitsulo chilichonse cha kopa kapena brasi chisakhudze madziwo chifukwa kopa ndi poizoni kwa makorali.

Kenaka yezani alkalinity, ndiyo mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, imene imayezedwa mu dKH. Kwa ife ichi ndiye chofunika kuposa zonse. Ikhale pakati pa 7 ndi 9 dKH, ndipo isasinthe kupitirira 1 patsiku. Korali imapirira nambala yotsikirapo pang'ono bola ikhale yokhazikika, koma kukwera ndi kutsika kumaisupula kuyambira patsinde. Mukapeza yatsika mpaka 6, musaikweze tsiku lomwelo. Gawani mlingo wa mankhwala oikwezera masiku atatu kapena anayi. Ngati nsonga zokha ndizo zayera, kawirikawiri alkalinity yakwera pamene nitrate ndi phosphate, michere yochokera ku chakudya ndi zonyansa za nsomba, zatheratu, ndiye onjezerani pang'ono chakudya cha nsomba. Calcium ikhale 400 mpaka 450 ppm, magnesium cha m'ma 1300.

Nkhani ya magetsi tonse tikuidziwa. Akazima mapampu amaima, mpweya umachepa m'madzi, ndipo zonyansa zimakhazikika pa mnofu. Nyali zitha kudikira tsiku lathunthu, koma madzi asaime. Amene ali ndi sola kapena batire alumikize kaye pampu yoyendetsa madzi, komanso asunge kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Madzi akakhala bwino koma kusupuka kukupitirira, unikani ndi tochi usiku, makamaka kunsi kwa nthambi. Tinyongolotsi tophwatalala timasiya timabala tozungulira pa Acropora ndi timazira tomata pa chigoba. Pa Euphyllia, mtundu wa makorali a mitu ya mnofu wambiri, mukaona zoterera zabulauni, zimitsani mapampu, muzikoke ndi kapaipi zisanamwazike, ndipo mutu wodwalawo muuchotse.

Podula musachite chisoni. Tulutsani koraliyo, dulani nthambi yabwino sentimita imodzi kapena iwiri kuchokera pamene payera, gawo lodwala mutaye. Viikani kanthambiko m'kambale ka madzi otunga m'thanki osakaniza ndi ayodini wa makorali, pa mlingo ndi mphindi zolembedwa pa botolo, tsukuluzani, ndipo mumate pa mwala ndi super glue wa gel. Kaikeni pamene madzi akuyenda bwino koma kuwala kuli kochepa. Mukatero sinthani madzi 10 mpaka 20 peresenti, atsopanowo akhale ofanana kutentha ndi mchere, muike makala atsopano osefera madzi (activated carbon), ndipo kwa sabata imodzi musasinthenso china chilichonse kupatula kuyeza alkalinity tsiku lililonse pa ola lomwelo.

Ndife,
Osunga makorali,
Chipata