Mwana akufunika opaleshoni, bambo ake akukana

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi 1 koloko usiku. Kuno ku Ngabu kwatentha, ndiye tagona pakhonde. Mwana wanga wa zaka 6 ali pambali pangapa, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono ngati bambo wamkulu. Kenako amangoti zii, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa. Ndimawerenga chamumtima mpaka 10, ndiye n'kudzidzimuka, n'kuyambiranso. Chaka chino ndi chachiwiri ndisakugona tulo tenitulo.

Kuchipatala cha kwathu anatitumiza ku Queens, ku Blantyre. Dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi anati ndi ma adenoids, tinyama ta kuseri kwa mphuno tatupa n'kutseka njira ya mpweya. Mankhwala opopera m'mphuno tinayesa miyezi itatu, sizinasinthe. Akuti opaleshoni yake siitenga nthawi: amamugonetsa ndi mankhwala, amadzera m'kamwa, panja sacheka paliponse. Anatinso tinyama tomweto ndi tomwe tachititsa kuti madzi adzadze mkati mwa makutu, n'chifukwa chake samva bwino.

Azakhali, pamenepo ndi pomwe pandilasa mtima. Mwanayu ndakhala ndikumukwapula. Ndikamuitana katatu osayankha ndinkathyola kamtengo, ndimati ndi mwano. Aphunzitsi a Sitandade 1 nawonso ankati ndi waulesi, amangosinza m'kalasi. Ndikanadziwa bwanji ine? Palibe anandiuza.

Bambo ake akukanitsitsa. Mchimwene wawo anamwalirira ku fiyeta, ngakhale anali matenda ena a m'mimba. Dokotala atanena kuti tinyamati timafota mwana akamakula, iwo anangogwira mawu amenewo, zina zonse sanamve. Ndiye tidikire mpaka akhale mnyamata akubanika chonchi? Apongozi akuti mdzukulu wawo mpeni sumulowa kukhosi iwo ali moyo. Ine ndine Mmang'anja, iwo ndi Asena, anandilowola, ndiye amati pa za mwana ndilibe mawu. Koma wochapa zofunda akakodzera pamphasa ndine. Mlamu wanga ananena pamjigo, anthu ali mbwee, kuti mwana amakodza pogona chifukwa ndimamulera mwachisawawa. Munthu woti anabwereka poto wanga wamkulu pamaliro n'kubweza wopanda chivindikiro, mpaka lero sanapepese, ndipo sanabwereko ngakhale usiku umodzi kudzamva mmene mwanayu amapumira.

Ndisanamizire ena okha. Tsiku loyamba lomwe anatipatsa sitinapite. Ndalama ya minibasi yomwe ndinasunga pogulitsa thobwa inapita kwina, ndipo sindinganene m'nyuzipepala kuti inapita kuti. Kunyumba ndinati achipatala asintha tsiku.

Tsopano atipatsa tsiku lina mwezi wamawa. Anati asadye chilichonse kuyambira usiku, ndipo akakhala ndi chimfine kapena malungo adzatibweza. Anandiuzanso poyera kuti nthawi zina pamatuluka magazi pambuyo pake, ndipo mawu amenewo sachoka m'mutu mwanga.

Kodi ndikwere naye chitunda cha Thabwa mwakachetechete ndikasaine ndekha? Nanga akapanda kudzuka, ndidzabwerera pakhomo pa yani? Ndiitane ankhoswe, pomwe ankhoswe a kuchimuna ndi omwewo akukanawo? Makutuwa adzatseguka kapena ndachedwa kale? Ndipo mwana wa zaka 6 amaiwala kuti mayi ake ankamumenya pa chinthu chomwe sanalakwe?

Mayi wothedwa nzeru,
Ngabu, Chikwawa