Aphunzitsi a kompyuta, test ya nambala imodzi siikwanira

A Mkonzi,

Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta pa kakampani kena ku Limbe, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi yowerengera ngongole za magulu a banki mkhonde. Ndili ndi pempho kwa aphunzitsi a m'makoleji athu.

Achinyamata amene amabwera kwa ife kudzaphunzira ntchito amalemba test imodzi (kapulogalamu koyesa ngati pulogalamu ikugwira bwino ntchito), n'kuikamo K50,000, yankho likatuluka bwino basi, ati zatheka. Koma mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande salemba nambala ya foni momwe ife tikufunira. Wina ayamba ndi 088, wina 099, wina +265, wina aiwala ziro, wina asiya mipata pakati. Zonsezi n'zofunika kuyesa, ndipo njira yake ndi parameterized test: test imodzi yomweyo, koma yodyetsedwa tebulo la manambala ambiri, mzere uliwonse ndi yankho lake.

Sindikunena ngati wanzeru ayi, nafenso tinapsa nazo. Tinkagwiritsa ntchito JUnit 4, chida choyesera mapulogalamu a Java, ndipo tinali ndi runner yathuyathu (kachida koyendetsa ma test), imene inkayamba yakonza database (nkhokwe ya manambala) yongoyerekezera isanayendetse test iliyonse. Tsono JUnit 4 imalola @RunWith (chizindikiro chosankhira runner) imodzi yokha pa class (gulu limodzi la ma test), ndiye runner yathuyo ndi Parameterized, runner ya ma test a tebulo, sizikanakwera kabaza mmodzi. Mnzanga anangoika loop, yodutsa m'mizere ya tebulo umodziumodzi, m'kati mwa test. Loop yotereyi ikapunthwa pa mzere wachitatu imaima pomwepo, yotsalayo osaiona n'komwe. Mzere wachitatuwo tinkaudziwa kuti ukuvuta, tinkangoti tikonza mawa. Kumbuyo kwake kunabisala tsiku la 29 February. Litafika mu 2024, chiwongoladzanja chinasokonekera, ndipo Loweruka lonse ndinalithera pafoni ndikupepesa amayi osunga mabuku a magulu. Mmodzi anandifunsa kuti, "Achimwene, kompyuta yanuyo ilibe kalendala?"

Tinakonza runner ija kuti mzere uliwonse uzikhala test payokha, ndi dzina lake, database n'kukonzedwanso mwatsopano mzere usanayambe. Tsopano lipoti limatchula mzere weniweni umene wagwa, ina yonse n'kupitirira kuyesedwa. Chinandiwawa n'chakuti JUnit 4.12, ya mu 2014, inali kale ndi @UseParametersRunnerFactory yochitira zomwezi, ndipo JUnit 5, ya mu 2017, ili ndi @ParameterizedTest. Olemba mapulogalamu mu Python nawonso ali ndi subTest kuyambira 3.4. Palibe anatiuzapo m'kalasi.

Pempho langa ndi ili: pochonga pulojekiti, musangoona ngati ikuyenda. Mufunseni wophunzirayo tebulo lake, muone ngati muli ziro, matambala, ndi 29 February.

Wolemba mapulogalamu,
Chilomoni, Blantyre