Wamisala wa m'buku si ndiye wabodza

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chimene chafala mwa alembi athu achinyamata, makamaka m'nkhani zimene a Malawi a kuno ku Joni timatumizirana pa WhatsApp. Munthu wosimba nkhani amatiuza za mlamu amene akumudyera chuma, za galimoto yomulondalonda usiku, ife n'kumamumvera chisoni. Pofika tsamba lomaliza tipeza kuti mkuluyu ali m'chipatala ku Zomba ndipo zonsezo zinali za m'mutu mwake. Mlembi amayesa waonetsa luso. Ine ndikuti ndi ulesi, ndipo ulesi wake ndi wopweteka anzathu.

Kukhala ndi wosimba nkhani amene sitingamukhulupirire m'zonse si kulakwa. Wayne Booth, katswiri wa zolembalemba wa ku America amene anatchukitsa ganizoli mu 1961, ankanena za wosimba amene kaonedwe kake ka zinthu kakusemphana ndi ka bukulo, osati za odwala ayi. Anthu abwinobwino amapotoza nkhani chifukwa cha manyazi, nsanje kapena kudzikweza. Tchona amene amauza abale kumudzi kuti ndi manijala, pomwe amatchetcha kapinga ku Sandton, sakwanira kukhala mwini buku lonse? Nanga misala tikuifuniranji?

Amene analemba za matendawa mowadziwa sanawasandutse msampha wokolera owerenga. Bessie Head anabadwira m'chipatala cha odwala misala ku Pietermaritzburg mu 1937, ndipo nayenso anadwalapo ali ku Serowe, m'dziko la Botswana. M'buku lake la A Question of Power, Elizabeth amazunzidwa ndi Sello ndi Dan, amuna amene amamuonekera m'chipinda mwake. Sitibisiridwa kuti mayiyu akudwala. Koma zimene akuona zokhudza tsankho, nkhanza za amuna ndi kusowa kwawo n'zoona kuposa zokamba za anthu olongosoka omuzungulira, ndipo kukacha amapita kukagwira ntchito ya kudimba ngati wina aliyense. K. Sello Duiker, mwana wa ku Soweto, m'buku lake la 2001 anagoneka mnyamata wotchedwa Tshepo m'chipatala cha odwala misala cha Valkenberg, ku Cape Town, n'kupatsanso anthu ena angapo mpata woti asimbe okha. Ukamawamvera mmodzimmodzi umayamba kukayikira kuti wosokonekera kwenikweni ndani.

Makolo anati wamisala anaona nkhondo, ndipo ife a ku Gauteng nkhondoyo tinaiona. Mu 2016 boma la chigawo chino linachotsa odwala matenda a maganizo m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwamwaza m'mabungwe amene ambiri analibe ziphaso zoyenera. Abale anachenjeza, anaguba, osamvedwa. Mu September chaka chomwecho Qedani Mahlangu, amene ankayang'anira zaumoyo m'chigawochi, anauza aphungu kuti amwalira ndi anthu 36. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba, amene anafufuza nkhaniyi, litatuluka mu February 2017 linati ndi 94, ndipo pomaliza chiwerengero chinafika pa 144. Ambiri anafa ndi njala, ludzu ndi kuzizira. Pa nkhani imeneyi osimba osadalirika anali ovala masuti, okhala m'maofesi.

Mwina wina anena kuti nkhani yopeka ndi yongosangalatsa basi. Iyayi. Mnyamata amene wawerenga kakhumi kuti mawu a wodwala ndi mphepo chabe, tsiku limene mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Rosettenville adzati akumva mawu m'makutu komanso abwana sanamulipire miyezi itatu, adzaseka zonse ziwiri. Chonsecho choyambacho chikufuna dokotala, chachiwiricho chikufuna CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana awo.

Pempho langa, akonzi, n'lakuti pa tsamba lanu la zolembalemba, nkhani ikabwera yothera pa "kani anali wamisala", muziibweza kwa mwini wake ndi funso limodzi: pa zonse zimene munthuyu watiuza, zoona ndi ziti, ndipo ndani akupindula tikapanda kumukhulupirira? Akalephera kuyankha, akalembenso.

Ndine wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg