Inu a pagalaja, lekani kutseka paipi ya canister ndi bawuti

Abwana, tikulemba poyera chifukwa mapikapu a petulo akutuluka kwanuko ndi vuto lofanana. Munthu akadandaula fungo la petulo, amakaniko anu akumazula paipi yochoka ku thanki kupita ku canister (kabokosi kakuda kokhala ndi makala), kuitseka ndi bawuti, n'kulipiritsa ngati akonza.

Kabokosi kakuda kameneka si kokongoletsa. Makala a m'kati mwake amagwira mpweya wa petulo wochoka m'thanki, ndipo injini ikatentha purge valve, valavu ya pakati pa canister ndi injini, imatseguka kuti mpweyawo ukapsere mu injini. Mukatseka njirayo thanki imakanika kupuma. Chivindikiro chimalira "fyuu" potsegula, pampu ya mafuta imavutika kukoka, pena thanki imafika pophwanyikira m'kati.

Kuyeza kwake sikudya ndi ola lomwe. Yambani ndi labala ya chivindikiro ndi mapaipi ong'aluka, poti ma code a P0455 ndi P0442 pa kompyuta yoyezera galimoto, osonyeza kuti mpweya wa petulo ukuthawa penapake, nthawi zambiri amachokera pamenepo. Kenako zulani purge valve muuziremo mpweya. Popanda magetsi isatulutse kanthu, mukaipatsa 12V ya batire ilire "thi" n'kutseguka. Ikakanirira yotseguka, galimoto imavuta kulira ikangomwa mafuta ndipo imanjenjemera ikaima. Apo ndi pa code ya P0441. Canister yeniyeniyo muimasule muinyamule: ikalemera kapena kudontha petulo, yatha. Mukapeza timibulu takuda m'paipi ndiye kuti yasweka m'kati, ndipo mapaipiwo auzireni kaye musanaike valavu yatsopano, apo ayi itsamwanso. Kabowo kopumira ka canister nako kamadzadza fumbi la m'misewu yathuyi, makamaka m'chilimwe.

Chotikwiyitsa kwambiri ndi chotsuka canister ndi madzi kapena petulo. Sichitsukidwa chimenechi! Ndipo makala a pambaula sangalowe m'malo mwa a kufakitale aja, ngakhale muwasinje bwanji.

Eni magalimoto nawo muziwauza zoona. Mafuta akasowa, anthu amagwedeza pikapu pa filing'i kuti thanki idzadze mpaka pakamwa, pampu itadula kale. Petulo woonjezerayo ndi amene amatsikira mu canister n'kunyowetsa makala. Mukapanda kuwachenjeza, yatsopanonso ifa.

Aliyense amene munamutsekera paipi mumuitane, muchotse bawutiyo, muyeze bwinobwino osamulipiritsanso, ndipo pa lisiti mulembe code imene yapezeka ndi chipangizo chimene mwasintha. Mutiyankhe pompano, osati ku inbox.